Kusefa utsi wa m'mafakitale: njira ya PSA ili ndi malo ake

Aliyense amene anadwazikapo m'bale wobanika ndi chifuwa amakadziwa kamakina kaja kamene amakaika pambali pa bedi m'chipatala, kokhala ndi kapaipi kopyapyala kopita kumphuno kwa wodwala. Kamang'ung'udza usiku wonse, ndipo pakangopita masekondi angapo kamati tcha, kenako fuu. Ambiri amaganiza kuti m'kati mwake muli silinda ya okosijeni, koma ayi. Muli kapampu ndi timatanki tiwiri todzaza ndi timibulu touma totchedwa zeolite. Kapampuko kamakoka mpweya wa m'chipinda momwemo n'kuukankhira mwamphamvu m'kathanki koyamba. Timibuluto timagwira nayitrojeni, amene ndi pafupifupi 78 peresenti ya mpweya umene timapuma, ndipo okosijeni amapitirira mpaka kwa wodwala. Timibulu tikakhuta, vavu imatembenuka, mpweya umayamba kulowa m'kathanki kachiwiri, uku koyamba kaja kakuphwetsedwa kuti nayitrojeni yense atuluke. Fuu uja amachokera pamenepo. Akatswiri amaitcha njirayi pressure swing adsorption, mwachidule PSA, ndipo makina akuluakulu opangira okosijeni pa zipatala za Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe amayendera yomweyi.

Masiku ano njirayi ikutchulidwa pa nkhani ina yokhudza dziko lonse, yochotsa mpweya wa carbon dioxide mu utsi wa m'mafakitale usanakwere kumwamba. Mafakitale asanachuluke, pa magawo 1 miliyoni a mpweya wa m'mlengalenga, carbon dioxide ankatenga pafupifupi 280. Lero wadutsa 420, ndipo chaka ndi chaka malasha, mafuta, gasi ndi simenti zikuwonjezera matani pafupifupi 37 biliyoni. Mpweya umenewu umasunga kutentha, n'chifukwa chake mvula ndi dzuwa zasiya kutsata kalendala imene alimi ankaidalira. Funso lakuti PSA ingagwire carbon dioxide kapena ayi linayankhidwa kale: imamugwira. Chimene chiyenera kufunsidwa ndi mtundu wa utsi umene tikufuna kuipatsa. Ndikuona kuti njirayi ndi yopindulitsa kwambiri pamene mpweya wafika uli wopanikizika kale kapena uli wodzaza ndi carbon dioxide, koma imalemera kunyamula ikaikidwa pa chumuni cha malo opangira magetsi ndi malasha. Ndalama zoyeretsera utsi n'zochepa, ndipo ziyenera kupita kumene njirayi ikuchitadi bwino.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thankimo. Timibulu tija sitimwa mpweya ngati madzi. Mpweya umangomatirira pamwamba pake, monga muja njere za chisoso zimamatirira pa thalauza la munthu amene wadutsa m'munda, zomwe ukazithothola nsalu imatsala ili bwinobwino. Kuti pamatirire zambiri pafunika malo ambiri, ndipo apa m'pamene zeolite imadabwitsa. Kabulu kalikonse kali ndi timibowo tosaoneka ngakhale ndi galasi lokuzira zinthu la kusukulu, moti makoma a timibowo ta mu galamu imodzi yokha, atati awayale pansi, angakwane masikweya mita mazana angapo. Makala okonzedwa mwapadera pa ntchitoyi amafika cha m'ma 1,000. Mipweya yonse imamatirira ndithu, koma mosiyana mphamvu. Carbon dioxide ali ndi mphamvu ya magetsi yosagawikana mofanana m'thupi mwake, choncho amakokedwa kwambiri ndi sodium wa m'timibowo ta zeolite yotchedwa 13X kuposa mmene nayitrojeni amakokedwera. Ndiyeno pali lamulo limodzi limene njira yonseyi yatsamirapo. Mpweya ukapanikizidwa, wambiri umamatirira, ndipo ukaphwetsedwa umamasuka wokha. Sipafunika moto kapena mankhwala amadzi. Pafunika pampu, mavavu ndi matanki osinthana ntchito, ina ikugwira pamene inzake ikutaya.

Luso limeneli si la dzulo. Charles Skarstrom, amene ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Esso ku America, anapatsidwa umwini wa njirayi mu 1960, ndipo poyamba ankaigwiritsa ntchito poumitsa mpweya. M'zaka zomwezo akatswiri a kampani ya Air Liquide ku France anakonza njira yofanana nayo, koma m'malo mongophwetsa thanki, iwo ankayamwa mpweya ndi pampu kuti timibulu titaye zonse. Kuyambira m'ma 1960, PSA yakhala njira yodalirika yoyeretsera hayidrojeni m'mafakitale oyenga mafuta, kumene matanki anayi, khumi kapena kuposa amasinthana usana ndi usiku n'kutulutsa hayidrojeni woyera kuposa 99.9 peresenti. Koma pali chinthu chimene otamanda njirayi sakonda kuchitchula. Pa ntchito zonsezi, chimene chimafunidwa ndi mpweya umene wadutsa, ndipo umene wamatirira ndi zinyalala zongotaya. Pa carbon dioxide zinthu zatembenuka. Wofunikayo ndi amene wamatirira, ndipo ayenera kutuluka ali woyera pafupifupi 95 peresenti kapena kuposa kuti athe kuyenda m'mapaipi ndi kukwiriridwa pansi. Pakati pa timibulu pamakhala mipata yodzaza ndi nayitrojeni, amene amatuluka limodzi ndi carbon dioxide pophwetsa. Pofuna kumuchotsa, amatenga gawo la carbon dioxide amene wagwidwa kale n'kutsukira nalo thanki, ndipo sitepe iliyonse yotere imafuna mavavu ena, mapaipi ena ndi magetsi ena.

Umboni wakuti zimatheka pa mlingo waukulu uli ku Port Arthur, m'chigawo cha Texas. Kumeneko kampani ya Air Products ili ndi mafakitale awiri opangira hayidrojeni kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, mkati mwa malo oyengera mafuta a Valero. Popanga hayidrojeni mwa njira imeneyi, gasi amasakanizidwa ndi nthunzi yotentha kwambiri, ndipo chotuluka chimakhala hayidrojeni wosakanikirana ndi carbon dioxide. Pofika mu 2013, mafakitale onse awiri anali ataikidwa matanki a timibulu okhala ndi mapampu oyamwa mpweya. Anakonzedwa kuti azigwira matani pafupifupi 1 miliyoni pa chaka, kutanthauza kuposa 90 peresenti ya carbon dioxide wa mu msakanizowo, ndipo amatuluka ali woyera kuposa 97 peresenti. Imeneyi ndi fakitale yeniyeni, yomwe yagwira ntchito kwa zaka zambiri, osati chionetsero cha pa yunivesite.

Chinsinsi cha ku Port Arthur sichili m'timibulu ayi, chili mu mpweya umene timibuluto timalandira. Kupanikizika kwa mpweya kumayezedwa mu bar. Mpweya umene watizungulira uli pafupifupi pa bar imodzi, ndipo tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa bar ziwiri pamwamba pa imeneyo. M'fakitale ya hayidrojeni, msakanizo umatuluka uli kale pa bar 20 mpaka 30, chifukwa ndi mmene fakitaleyo imagwirira ntchito, ndipo carbon dioxide amakhala cha m'ma 15 peresenti kapena kuposerapo. Tikawerengera pa bar 25, carbon dioxide yekha akukankha timibulu ndi mphamvu ya bar pafupifupi zinayi. Mu utsi wa malasha amatenga 12 mpaka 15 peresenti ya mpweya umene uli pa bar imodzi yokha, ndiye kuti akukankha ndi mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a bar. Kusiyanaku n'koposa ka 20. Ku Port Arthur, theka lodula la ntchito, lomwe ndi kupanikiza, linalipiridwa kale ndi fakitale, makina osefera asanayambe n'komwe.

Amene akufuna kuika PSA pa chumuni cha malasha ayenera kulipira yekha theka limenelo, ndipo ali ndi njira ziwiri, zonse zowawa. Yoyamba ndi kupanikiza utsi wonse. Malo opangira magetsi okwana ma megawati 500 amatulutsa matani a carbon dioxide pafupifupi 3 miliyoni pa chaka, ndipo utsi wake umakwana makyubiki mita mazanamazana pa sekondi iliyonse. Gawo lalikulu la utsiwo ndi nayitrojeni, amene alibe mlandu uliwonse, koma naye ayenera kupanikizidwa kuti pamapeto angotayidwanso kumwamba. Yachiwiri, imene ofufuza ambiri amasankha, ndi kulowetsa utsi mmene ulili, kenako n'kuyamwa thanki mpaka mphamvu ya m'kati itatsika pansi pa gawo limodzi mwa magawo khumi a bar. Vuto lake n'lakuti mpweya ukaphwetsedwa chotere umafutukuka kwambiri, choncho mapampu, mapaipi ndi mavavu ziyenera kukhala zikuluzikulu modabwitsa. Kawirikawiri ulendo umodzi sukwanira kupereka zonse ziwiri, kugwira 90 peresenti komanso kuyera kwa 95 peresenti, motero pamafunika makina awiri otsatizana. Magetsi oyendetsera zonsezi amachokera pa malo omwewo, ndiye kuti malasha ena atenthedwe pofuna kusefa utsi wa malasha anzawo. Pa malo opangira magetsi ndi gasi zinthu zimavuta koposa, chifukwa carbon dioxide amangotenga pafupifupi 4 peresenti ya utsi.

Palinso mdani wina, yemwe ndi madzi. Malasha ndi gasi zikapsa zimatulutsa nthunzi, ndipo zeolite imakonda madzi kuposa carbon dioxide. Nthunzi ikalowa m'timibowo imakhazikika, kuphwetsa kokha sikuichotsa msanga, ndipo timibulu timasiya kugwira chimene tinaikidwira. Utsi uyenera kuyamba waziziritsidwa, chifukwa timibulu totentha timagwira zochepa, kenako uchotsedwe fumbi ndi mipweya ya sulfure, ndipo pomaliza uumitsidwe. Makala okonzedwa aja amapirirako chinyontho, koma sasankha bwino pakati pa carbon dioxide ndi nayitrojeni.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, PSA ingosiyidwa, popeza ilipo kale njira ina imene yayesedwa pa machumuni enieni. Njirayo ndi yosambitsa utsi ndi mankhwala amadzi otchedwa amine, amene amalumikizana ndi carbon dioxide ngakhale ali wochepa, ndipo saopa chinyontho. Ndi imene inaikidwa ku Boundary Dam, m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada, mu 2014, ku Petra Nova pafupi ndi Houston mu 2017, komanso pa fakitale ya simenti ya ku Brevik ku Norway mu 2025. Mfundoyi ndi yoona mbali imodzi, ndipo pa utsi wambiri, wonyowa, wosapanikizika, amine ndiye ali patsogolo. Koma naye ali ndi mtengo wake. Kuti ataye carbon dioxide ayenera kutenthedwa ndi nthunzi mpaka madigiri pafupifupi 120, amadya zitsulo za makina, amawonongeka akakumana ndi okosijeni ndi sulfure, ndipo zotsalira zake ziyenera kusamalidwa kuti zisafike m'madzi ndi mu mpweya wa anthu. Fakitale imene ilibe nthunzi yotsala iyenera kumanga boyila yatsopano. PSA imangofuna magetsi, amene angachokere ku madzi, dzuwa kapena mphepo. Ikhoza kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso mosavuta, ndipo imamangidwa yaing'ono kapena yaikulu malinga ndi ntchito. N'chifukwa chake ku Ulaya ndi imodzi mwa njira zofala zoyeretsera gasi wochokera ku ndowe ndi zinyalala, amene amakhala ndi carbon dioxide wokwana 30 mpaka 50 peresenti. Akamuchotsa, gasi wotsalayo amalowa m'mapaipi a mumzinda kapena kuyendetsa mabasi.

Pakati pa fakitale ya hayidrojeni ndi chumuni cha malasha pali mafakitale awiri amene ndikuona kuti ndiwo oyenera kuikirapo mtima: a zitsulo ndi a simenti. Mpweya wotuluka mu ng'anjo yosungunulira miyala ya chitsulo umakhala ndi carbon dioxide woposa 20 peresenti, ndipo kampani ya JFE Steel ku Japan inamanga makina oyeserera a PSA ku Fukuyama pa chifukwa chimenechi. Nkhani ya simenti ndi yozama kwambiri. Simenti imapangidwa powotcha miyala ya laimu, ndipo mwala umenewu ukapsa umataya carbon dioxide amene anali m'thupi mwake. Pa matani 100 a mwala woyera wa laimu, matani 44 amauluka ngati mpweya. Ngakhale ng'anjo itayatsidwa ndi magetsi a dzuwa, matani 44 amenewo adzatulukabe, chifukwa sakuchokera ku moto. Gawo loposa theka la carbon dioxide wa m'fakitale ya simenti limachokera ku mwala, ndipo simenti yokha ili ndi mlandu wa pafupifupi 7 kapena 8 peresenti ya carbon dioxide yense amene anthu amatulutsa. Utsi wa simenti nawo ndi wosapanikizika, wafumbi ndi wonyowa, kotero mavuto aja alipobe. Komabe carbon dioxide amafika 20 peresenti kapena kuposa, ndipo pa mlingo umenewu mapampu savutika ngati pa malasha. Pali kale makina amene amagwiritsa ntchito PSA pongochulukitsa carbon dioxide, kenako n'kumuziziritsa kwambiri mpaka asanduke wamadzi n'kupatukana ndi zotsala. Kugawana ntchito kotereku n'kwanzeru, chifukwa PSA siikakamizidwa kupereka kuyera kumene imavutika nako. Magetsi ali ndi njira zina zowapangira popanda malasha, pamene misewu, milatho ndi nyumba, kuphatikizapo za kuno kwathu kumene mizinda ikukula, zikudalirabe simenti.

Ena amati zonsezi ndi mavuto a lero chabe, chifukwa kukubwera timibulu tatsopano. Akunena za zinthu zotchedwa metal-organic frameworks, zomwe zimalukidwa ndi zitsulo ndi mankhwala ena moti katswiri amasankha yekha kukula kwa timibowo. Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi analandira mphoto ya Nobel mu 2025 chifukwa cha ntchitoyi. Zina mwa izo zili ndi malo okwana masikweya mita masauzande pa galamu, ndipo zina zimagwira carbon dioxide ngakhale pali chinyontho, zomwe zingachepetse mtengo woumitsa utsi. Chiyembekezo chimenechi n'choyenera, koma chili ndi malire. Kabulu kamene kamagwira mwamphamvu carbon dioxide wochepa kamakananso kumutaya, ndipo pampu iyenera kuyamwa kwambiri kuti amasuke. Timibulu tabwino sitichepetsa kuchuluka kwa utsi umene uyenera kudutsa m'thanki, ndipo sitisintha lamulo la chilengedwe lakuti chinthu chikamwazikana kwambiri chimafuna mphamvu zambiri kuti chisonkhanitsidwe. Komanso fakitale imafuna timibulu tokwana matani mazana, totsika mtengo, topirira kupanikizidwa ndi kuphwetsedwa kwa zaka zambiri osaphwanyika. Zeolite yadutsa kale mayeso amenewa, ndipo zambiri mwa zatsopanozi sizinawadutse.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya anthu amene amati kusefa utsi ndi chodzikanira cha makampani a mafuta, kuti apitirize zimene akuchita. Sitingaikane mwachibwana. Carbon dioxide wa ku Port Arthur amatumizidwa m'mapaipi ku zitsime za mafuta za West Hastings, kumene amapoperedwa pansi kuti akankhe mafuta otsalira atuluke, ndipo mafutawo akapsa amatulutsanso utsi. Ngakhale 90 peresenti ija iyenera kumveka bwino. Ndi ya carbon dioxide wa mu msakanizo wa hayidrojeni yekha, pamene utsi wa ng'anjo yotenthetsera makinawo umatulukabe pa chumuni osasefedwa. Makina onse ogwira carbon dioxide padziko lapansi, a njira zonse, akhoza kugwira matani pafupifupi 50 miliyoni pa chaka, omwe sakwana ngakhale magawo awiri pa magawo 1,000 a zimene zimatuluka. Aliyense wonena kuti malasha apitirire chifukwa utsi wake udzasefedwa akulonjeza chinthu chimene manambalawa sakuchitsimikiza. Koma mfundo yomweyi ndi imene ikusonyeza malo oyenera a PSA. Ngati kusefa n'kodula ndipo n'kochepa, kusungidwire utsi umene sungapewedwe mwa njira ina, wa simenti, zitsulo, feteleza ndi hayidrojeni, ndipo carbon dioxide wogwidwayo apite kumene sadzabwererako. Zimenezi zimatheka. Amapanikizidwa kuposa bar 100, n'kupoperedwa m'miyala ya mchenga yozama kuposa mamita 800, pansi pa thanthwe losadutsa kanthu. Ku Sleipner, pansi pa nyanja ya North Sea, dziko la Norway lakhala likuchita zimenezi kuyambira mu 1996, ndipo matani mamiliyoni ambiri ali pansipo.

Chotsala ndi funso la amene alipire, chifukwa carbon dioxide alibe msika waukulu. Opanga zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi feteleza wa urea amagulako, koma ndi wochepa poyerekeza ndi amene amatuluka, ndipo wambiri wake amabwerera m'mlengalenga posakhalitsa. Mbiri ya makina amene alipo ikuonetsa chimene chimawadzutsa ndi chimene chimawagoneka. Sleipner inamangidwa boma la Norway litakhazikitsa msonkho wa carbon dioxide mu 1991, kukwirira kutakhala kotsika mtengo kuposa kulipira msonkhowo. Ku Port Arthur, unduna woona za mphamvu wa boma la America unaikapo madola 284 miliyoni. Petra Nova, imene inkadalira kugulitsa mpweya wake ku zitsime za mafuta, inatsekedwa mu 2020 mitengo ya mafuta itagwa, ndipo inatsegulidwanso mu 2023. Kuyambira mu 2026, mayiko a European Union ayamba kuwerengera mtengo pa carbon dioxide amene anatuluka popanga simenti, zitsulo, aluminiyamu, feteleza ndi hayidrojeni zochokera kunja, ndipo lamuloli likukhudzanso mafakitale a zitsulo a ku South Africa amene amagulitsa kumeneko. Mwini fakitale yotere akakhala pansi ndi akatswiri ake, ayenera kuyeza kaye chumuni chilichonse ndi paipi iliyonse payokha, kuti adziwe kuchuluka kwa carbon dioxide, kupanikizika kwake ndi chinyontho chake, komanso mtunda wokafika ku miyala yokwiriramo. Paipi imene carbon dioxide ali wambiri ndipo ndi wopanikizika iyambe ndiyo kuikidwa matanki a timibulu. Ng'anjo ya simenti itsatire, PSA ikugawana ntchito ndi makina oziziritsa. Chumuni cha malasha opangira magetsi chisalandire ndalama zimenezi, chifukwa ndalama zomwezo zingagule makina a dzuwa ndi mphepo amene satulutsa utsi wofuna kusefa.